Mpweya Wopsetsa Nthochi

 Madzulo ano tiyeni tipitire limodzi ku Domasi, m'boma la Zomba, m'chigwa chija chili pakati pa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa, kumene mtsinje wa Domasi umatsetsereka kulinga ku nyanja ya Chilwa.

Tsiku lina ndinaima m'mbali mwa mseu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde kuti ndigule nthochi. Mayi amene ankagulitsawo anali ndi nkhope yakugwa. Anandionetsa dengu lodzaza ndi nthochi zimene zinapsa zonse nthaŵi imodzi, zina zitayamba kale kuda. Iwo anati: "Achimwene, ndinaziika zaŵisi kuti ndizigulitsa pang'onopang'ono, koma m'katimo munatsalira phava limodzi lakupsa. Taonani lero. Ndizitha bwanji zonsezi dzuŵa lisanaloŵe?"

Akuluakulu amati nsomba ikaola imodzi zaola zonse. Kwa nthochi mau ameneŵa ndi oona ndithu, ndipo chimene chimachititsa chili ndi dzina. Ndi mpweya wotchedwa ethene, umene ena amauti ethylene. Kutaya dengu la nthochi si nkhani yaing'ono, pakuti kuyambira m'zaka za m'ma 1990 matenda a chisaka anaononga minda yambiri ya nthochi m'dziko muno, mpaka amalonda anayamba kukapikula nthochi ku Tanzania ndi ku Mozambique.

Domasi ndi malo oyenera kukambirapo nkhani yotere, chifukwa ndi kwao kwa aphunzitsi. Mishoni ya ku Domasi inakhazikitsidwa mu 1884. Sukulu ya Jeanes, yophunzitsa aphunzitsi ndi atsogoleri a m'midzi, inatsegulidwa komweko mu 1929. Lero kuli Domasi College of Education, kumene amasula aphunzitsi a sekondale, ndiponso Malawi Institute of Education, kumene amakonza zimene ana athu amaphunzira. Pakati pa zophunzirazo pali mutu wa ma alkene, banja limene ethene ndiye mwana wake woyamba. Ana ambiri amangouloŵeza pamtima mutu umenewu kuti akhoze mayeso. Inenso ndinachita chimodzimodzi ndisanapite ku sukulu ya uphunzitsi, osadziŵa kuti zimene ndinkaloŵezazo zinali m'dengu la amayi anga. Tsono lero tiyese kumvetsa m'malo moloŵeza.

Manja anayi a kaboni

Chinthu chilichonse, kaya ndi mwala, madzi, nsima kapena mpweya, chinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maatomu. Maatomu akagwirana amapanga molekyulu. Kuti timvane msanga, tiyerekeze kuti atomu iliyonse ili ndi manja. Atomu ya haidrojeni ili ndi dzanja limodzi. Ya okosijeni ili ndi manja aŵiri. Ya kaboni, ija timaiona m'makala, ili ndi manja anayi, ndipo sikhazikika ngati dzanja lina lili lopanda chogwira.

Titenge maatomu aŵiri a kaboni. Akagwirana ndi dzanja limodzi, aliyense amatsala ndi manja atatu, ndipo onsewo amagwira haidrojeni. Pamenepo tapanga ethane, imene ili ndi makaboni 2 ndi mahaidrojeni 6. Banja lake limatchedwa alkane, ndipo abale ake ndi gasi wophikira, parafini wa m'nyale ndi phula la kandulo. M'banja limeneli manja onse ndi otanganidwa. Mlendo sangapeze pogwira pokhapokha wina atachotsedwapo.

Koma makaboni aŵiri aja angathenso kugwirana ndi manja aŵiri, monga achitira anthu okondana amene akumana atasiyana nthaŵi yaitali. Pamenepo aliyense amatsala ndi manja aŵiri okha ogwirira haidrojeni. Imeneyo ndiyo ethene: makaboni 2 ndi mahaidrojeni 4, ndipo polemba amati C2H4. Molekyulu iliyonse ya kaboni ndi haidrojeni imene penapake makaboni ake agwirana kaŵiri chotere imatchedwa alkene.

Wina angaganize kuti kugwirana kaŵiri ndiko kudzitsekera kotheratu. Si choncho ai. Anthu aŵiri ogwirana ndi manja onse angathe kumasula dzanja limodzi aliyense, n'kupatsa moni alendo aŵiri, iwo eni osasiyana. Nkhani yathu yonse yagona pamenepa. Alkene imalandira zinthu zatsopano popanda kutaya chilichonse cha zimene inali nazo. Zinthu ziŵiri zimaloŵa, chotuluka n'chimodzi. Kumeneku ndiko kuphatikiza, kumene mabuku a sukulu amati addition.

Mlendo waludzu

Nanga n'chiyani chimakokera mlendo pamalo ameneŵa? Tengani batire la wailesi yanu muliyang'ane. Mbali ina ili ndi chizindikiro cha kuphatikiza, ina ili ndi cha kuchotsera. Lamulo la magetsi n'lakuti mbali zosiyanazi zimakokana, pamene zofanana zimakankhana. Chimene tachitcha kugwirana manja kwa maatomu, kwenikweni ndi kugaŵana tinthu totchedwa maelekitironi, ndipo elekitironi iliyonse ili ndi mphamvu ya kuchotsera. Kugwirana kumodzi ndi maelekitironi 2. Pamene makaboni agwirana kaŵiri pali maelekitironi 4.

Maelekitironi anayiŵa sakhala mofanana. Aŵiri oyamba amakhala pakati penipeni pa makaboni, otetezedwa ngati chimanga cha m'nkhokwe. Aŵiri enawo amakhala pamwamba ndi pansi pa molekyulu, poyera, ngati chimanga choyanika pamkeka pabwalo. Nkhuku ikafika pakhomo siyamba ndi nkhokwe, imathamangira pamkeka. Momwemonso chinthu chilichonse chimene chili ndi ludzu la maelekitironi chimathamangira aŵiri apoyerawo. Chinthu chaludzu chotere chimatchedwa electrophile, kutanthauza wokonda maelekitironi. Dzinali anapereka ndi katswiri wa ku London, Christopher Ingold, mu 1933. Choncho mwana wanu akabwera ndi mau akuti electrophilic addition, musaope kutalika kwake. Akungonena za kuphatikiza kumene kumayambitsidwa ndi mlendo waludzu la maelekitironi.

Tione mmene zimayendera ndi mpweya wotchedwa hydrogen bromide, umene molekyulu yake ndi haidrojeni mmodzi wogwirana ndi bromini mmodzi. Aŵiriŵa sagaŵana mwachilungamo. Bromini amakokera maelekitironi kwa iye, motero haidrojeni amatsala wosoŵa, ali ndi kamphamvu ka kuphatikiza. Iyeyo ndiye mlendo waludzu.

Poyamba haidrojeni amayandikira ethene. Maelekitironi aŵiri apoyera aja amamugwira n'kumumangirira ku kaboni mmodzi. Nthaŵi yomweyo bromini amaduka, atatenga maelekitironi onse aŵiri amene ankagaŵana ndi haidrojeni, ndipo tsopano ali ndi mphamvu ya kuchotsera. Kaboni wachiŵiri uja watsala padzuŵa: maelekitironi amene ankadalira apita kwa mlendo, iye watsala ndi mphamvu ya kuphatikiza. Tinene kuti wagwa m'ngongole. Akatswiri amamutcha carbocation, ndipo sakhalitsa ngakhale kamphindi.

Kenaka bromini, amene ali ndi maelekitironi otsala, amakokedwa ndi kaboni wangongoleyo n'kugwirana naye. Ngongole yatha. Chotsatira ndi molekyulu imodzi yotchedwa bromoethane. Makaboni aja akadagwiranabe, koma tsopano ndi dzanja limodzi. Masitepe ndi aŵiri okha: waludzu amaloŵa poyamba, wokhuta amatsekera pambuyo. Mukagwira zimenezi, zotsalazo ndi mayina chabe.

Madzi a bromini

Mphunzitsi aliyense wa sayansi amene anadzera ku Domasi amadziŵa njira yozindikirira alkene. Amatenga madzi a bromini, amene maonekedwe ake ndi achikasu chofiirira, n'kuthiramo chinthu chimene akuchiyesa, n'kukhutchumula. Ngati ndi alkene, mtundu uja umazimirira, madzi n'kuyera. Ngati ndi alkane, mtundu umakhalabe.

Apa mwana wochenjera amafunsa kuti: molekyulu ya bromini ndi maatomu aŵiri ofanana, palibe wolanda mnzake, nanga waludzu achokera kuti? Yankho lake n'lakuti ethene yemweyo ndiye amayambitsa ludzulo. Bromini akayandikira, maelekitironi ochuluka a ethene amakankha maelekitironi a bromini kupita kumapeto akutali. Atomu yapafupi imatsala yosoŵa, ndipo imagwidwa. Kwa kanthaŵi imagwira makaboni onse aŵiri ngati mafuwa atatu, monga anafotokozera Roberts ndi Kimball ku America mu 1937. Kenaka bromini winayo amadzera kumbuyo n'kugwira kaboni mmodzi. Zikachitikira m'madzi, kaŵirikaŵiri madziwo ndiwo amayamba kufika pamalopo. Mulimonsemo molekyulu ya bromini yatha, ndipo mtundu wake wapita nayo.

Kuyesa kumeneku kumasiyanitsa zinthu zimene timazidziŵa. Mafuta a mtedza ndi a mpendadzuŵa ali ndi makaboni ogwirana kaŵiri m'mamolekyulu ao, choncho amazimiritsa mtundu wa bromini. Phula la kandulo silitero. Akatswiri a zakudya amagwiritsa ntchito nzeru yomweyi, koma ndi ayodini, poyeza kuchuluka kwa malo otere m'mafuta ophikira. Ndikuchenjezeni, ana a sukulu: bromini ndi poizoni, amatentha khungu ndi mapapo. Zimenezi n'zochitira m'labotale pamaso pa mphunzitsi, osati kuseri kwa khitchini.

Lamulo la Markovnikov

Mu ethene makaboni aŵiri aja ndi ofanana, choncho zilibe kanthu kuti haidrojeni wagwira uti. Koma mng'ono wake wotsatira m'banjamo, propene, ali ndi makaboni atatu ondondozana, ndipo kugwirana kaŵiri kuli pakati pa woyamba ndi wachiŵiri. Kaboni woyamba, wakumapeto, ali ndi mahaidrojeni 2. Wapakati ali ndi 1. Tsono hydrogen bromide akafika, ndani apita kuti?

Katswiri wa ku Russia, Vladimir Markovnikov, amene ankagwira ntchito mumzinda wa Kazan, anafalitsa yankho mu 1870. Anati haidrojeni amapita kwa kaboni amene ali kale ndi mahaidrojeni ambiri, ndipo bromini amapita kwa winayo. Motero chimene chimapangika chochuluka ndi 2-bromopropane, bromini ali pakati. Markovnikov anaona kuti zimatero, koma chifukwa chake chinadziŵika patapita zaka zambiri, anthu atamvetsa za maelekitironi.

Chifukwacho tingachimve ndi fanizo la ngongole lija. Haidrojeni akagwira kaboni wakumapeto, ngongole imagwera wapakati, amene ali ndi makaboni anzake mbali zonse ziŵiri. Anzakewo amamusunthirako maelekitironi pang'ono, katundu n'kupepuka. Koma haidrojeni akagwira wapakati, ngongole imagwera wakumapeto, amene ali ndi mnzake mmodzi yekha womuthandiza. Munthu wa abale ambiri amapirira ngongole kuposa wa mbale mmodzi. Njira imene ngongole yake ndi yopiririka ndiyo imayenda msanga, ndipo mamolekyulu ambiri amadzera komweko. Mwana amene wamvetsa zimenezi safunikanso kuloŵeza lamulolo, angathe kulipeza yekha m'chipinda cha mayeso.

Mpope wa madzi ndi spiriti ya ku Dwangwa

Mwina ena mukuti izi n'za m'kalasi basi. Tamvani tsono. Cha m'ma 1795 akatswiri anayi a ku Holland anasakaniza ethene ndi kolorini, mipweya iŵiri, ndipo anadabwa kuona madontho onga mafuta. Chimene chinachitika n'chomwe tafotokoza ndi bromini: kolorini mmodzi pa kaboni aliyense. Madziwo lero amatchedwa dichloroethane. M'mafakitale amaŵatenthetsa kuti apange vinyl chloride, ndipo mamolekyulu a vinyl chloride akalumikizana zikwizikwi amapanga pulasitiki ya PVC. Ntchito yotchuka ija ya mipope ya madzi otsika okha kuchokera m'mapiri, imene inayambira ku Chingale m'boma lomweli la Zomba mu 1968, anthu a m'midzi akukumba okha ngalande, inadalira kwambiri mapaipi a PVC. Mayi akatsegula mpope m'mudzi, madzi ake adzera m'chinthu chimene chiyambi chake ndi mlendo waludzu kugwira ethene.

Madzi nawonso angathe kuphatikizidwa ku ethene. Paokha alibe ludzu lokwanira, choncho amafuna asidi woŵatsegulira njira. M'fakitale amadutsitsa ethene ndi nthunzi pa phosphoric acid, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 300 ndiponso mopanikiza kwambiri. Haidrojeni wochokera ku asidi amaloŵa poyamba, madzi amagwira kaboni wangongole, kenaka amabweza haidrojeni mmodzi kwa asidi uja. Chotuluka ndi ethanol, spiriti yomwe ija ili m'moŵa ndi m'kachasu.

Maiko a mafuta apansi amagwiritsa ntchito njira imeneyi chifukwa ethene amamupeza pong'amba mamolekyulu aakulu a mafutawo ndi kutentha. Dziko lonse lapansi limapanga matani oposa 150 miliyoni a ethene chaka chilichonse. Ife kuno ku Malaŵi tinadzera njira ya m'munda. Fakitale ya ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, inayamba mu 1982 kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe popanga shuga, ndipo ethanol ameneyo amasakanizidwa ndi petulo. Ina, ya PressCane, inatsegulidwa m'boma la Chikwawa mu 2004. Kumeneko ntchito amagwira ndi yisiti, monga zimakhalira pofulula moŵa.

Chosangalatsa n'chakuti njirayi imabwereranso m'mbuyo. Mukadutsitsa nthunzi ya ethanol pa aluminium oxide wotentha, madzi amachoka ndipo makaboni amagwirananso kaŵiri. Umu ndi mmene mphunzitsi amapezera ethene m'labotale. Ku Brazil, kampani ya Braskem inatsegula mu 2010 fakitale yopanga ethene kuchokera ku ethanol wa nzimbe, n'kumapangira pulasitiki. Mwana wa ku Dwangwa kapena ku Nchalo amene akuphunzira mutu umenewu adziŵe kuti nzimbe zimene amaziona tsiku ndi tsiku zingathe kufika mpaka pamenepo.

Tibwerere ku dengu lija

Mu 1901 wophunzira wina wa ku St Petersburg, Dimitry Neljubow, anaona kuti mbande za nsaŵaŵa m'labotale yake zinkakula chopingasa m'malo molunjika kumwamba. Atafufuza anapeza kuti chochititsa ndi ethene wa mu gasi wounikira nyale. Mu 1934 Richard Gane wa ku Cambridge anatsimikiza kuti zipatso zimatulutsa zokha mpweya umenewu. Nthochi, mapeyala, mango, mapapaya ndi tomato zikayamba kupsa zimatulutsa ethene, ndipo ethene ameneyo amauza zinzake kuti nazonso zipse. Zikayamba, nazonso zimatulutsa wambiri. Pamafunika wochepa zedi: gawo limodzi m'magawo miliyoni imodzi a mpweya n'lokwana.

Tisasokoneze zinthu. Kupsa kwa nthochi si kuphatikiza kumene takambaku. Ethene sasanduka shuga wa m'nthochi. Iye ndi mthenga chabe. Koma chimene chipatso chimamuzindikirira ndi maelekitironi apoyera omwe aja, amene amakakhala pa atomu ya kopa m'maselo a chipatsocho. Ethane, amene alibe kugwirana kaŵiri, sangapsetse nthochi ngakhale mutamuthira wochuluka.

Makolo athu ankaidziŵa ntchito ya mthenga ameneyu asanamve dzina lake. Povundika nthochi m'dzenje kapena m'thumba n'kufunditsa masamba, ankatsekera ethene kuti asathaŵe. Ofukiza ndi utsi ankaonjezera, pakuti mu utsi mulinso ethene. Mayi woika nthochi yakupsa pakati pa mapeyala aŵisi akuchita chimodzimodzi.

Wofuna kuchedwetsa kupsa achite zosiyana ndi zimenezi. Achotse chipatso chilichonse chimene chayamba chikasu asanalonge dengu. Asunge zaŵisi pamthunzi, pozizira, podutsa mphepo, kutali ndi utsi wa kukhitchini ndi wa galimoto. Asaponye mikoko pokweza ndi potsitsa, chifukwa chipatso chovulala chimatulutsa ethene wambiri. Asanyamule nthochi zaŵisi m'thumba limodzi ndi tomato kapena mapeyala akupsa.

Palinso njira ina imene ikuchokera m'phunziro lathu lenileni. Ambiri mumaudziŵa mankhwala aja a mtundu wa pepo otchedwa potassium permanganate, amene kuchipatala amasungunula m'madzi otsukira zilonda. Nawonso amagwira ethene pamalo ogwirana kaŵiri paja, n'kuika okosijeni pa makaboni onse aŵiri. Zikatero ethene salinso ethene, uthenga wake wafera panjira. Mu 1970 akatswiri a ku Australia anaonetsa kuti nthochi zotsekeredwa m'matumba a pulasitiki pamodzi ndi mankhwalaŵa zimachedwa kupsa. Mankhwalawo amaikidwa m'kapaketi kapadera, sayenera kukhudza chipatso, ndipo wofuna kuyesa ayambe wafunsa alangizi a zaulimi a kwao. Paja safunsa anadya phula.

Chenjezo lomaliza likhale la kabaidi, uja wa owotcherera zitsulo. Akanyowa amatulutsa mpweya wa acetylene, msuweni wa ethene, umene umasandutsa khungu la nthochi kukhala lachikasu. Koma kabaidi wa m'mafakitale amakhala ndi zotsalira za arsenic ndi phosphorus, zimene ndi poizoni, ndipo mpweya wakewo umayaka msanga. Maiko ena, monga India, analetsa kupsetsera zipatso ndi kabaidi. Chakudya cha ana athu tisachiyandikize kwa iye.

Mayi a pamseu aja ndinaŵagula mapava aŵiri, ndipo ndinaŵafotokozera zochepa mwa zimenezi. Anaseka nati: "Ndiye kuti nthochi zimauzana?" Ndinati inde mayi, zimauzana, ndipo wakupsayo ndiye kazitape. Anati ulendo wina adzayamba asanthula dengu lonse asanalifunditse.

Kwa inu aphunzitsi, makamaka amene muli m'sukulu zosoŵa zipangizo, mukafika pamutu wa ma alkene tengerani m'kalasi nthochi zaŵisi zinayi ndi yakupsa imodzi. Ziŵiri muzimange m'thumba pamodzi ndi yakupsayo, ziŵiri muzisiye pa windo. Ana aziona okha tsiku ndi tsiku, kenaka muŵajambulire pabolodi makaboni aŵiri ogwirana ndi manja aŵiri. Kwa inu makolo, mwana akabwera ndi mau ovutaŵa, mufunseni kuti akuuzeni waludzu ndani ndipo ngongole yagwera yani. Akayankha bwino, ndiye kuti wamva.